Bruce Grove: Kwa Mkulu Amene Anatcha Mitambo Mayina

Ambiri a ife timadziwa Tottenham chifukwa cha mpira, kapena chifukwa cha mashopu a ku West Green Road kumene timakasaka ufa, therere ndi nsomba zouma. Koma abale anzanga, tsiku lina mukatsika sitima pa Bruce Grove musathamangire basi. Yendani pang'ono mpaka pa nyumba nambala 7. Mu 2002 pakhoma pake anakhomapo chikwangwani cha buluu chokumbukira Luke Howard, amene anamwalirira m'nyumbamo mu 1864. Nyumbayi inakhala zaka zambiri yosasamalidwa, zomvetsa manyazi ndithu.

Mkuluyu ntchito yake inali yopanga mankhwala, koma maso ake sankachoka kumwamba. Mu 1802 anapatsa mitambo mayina a Chilatini amene a zanyengo akugwiritsabe ntchito mpaka lero: cumulus, younjikana ngati thonje pamsika, stratus, yoyalika ngati mphasa, imene ife tingati ndi ya chiperoni, ndi cirrus, yopyapyala ngati nthenga.

Nzeru zimenezi zinamufika John Constable, katswiri wojambula minda, mitsinje ndi mitengo ndi penti wa mafuta, kudzera m'buku la Thomas Forster limene iye ankaliwerenga n'kumalembamo maganizo ake m'mphepete. Constable anabadwa mu 1776 ku Suffolk, mwana wa mwini chigayo, ndipo anakula akuyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Mu 1821 ndi 1822 ankakwera chitunda cha Hampstead Heath n'kumajambula mitambo yokhayokha papepala, mofulumira isanasinthe. Kuseri kwa pepalalo ankalemba tsiku, ola ndi mbali imene mphepo inkaombera. Agogo athu akuyang'ana mitambo pa phiri la Mulanje asanatulutse mbewu akanamvana naye bwino munthu ameneyu.

Kwawo kuno sanamulemekeze msanga. Chithunzi chake chotchuka cha 1821, The Hay Wain, sanapeze wochigula ku London. Mendulo ya golide anakaipatsidwa ku Paris mu 1824. A Royal Academy anamulandira ngati membala weniweni mu 1829, ali ndi zaka 52, ndipo anamwalira mu 1837.

Chithunzicho chili ku National Gallery, ndipo polowa salipiritsa. Wofuna kuona mitambo yeniyeniyo akwere sitima pa South Tottenham n'kukatsika pa Gospel Oak, m'mphepete mwa Hampstead Heath. Tengani ana, ndipo musaiwale ambulera.