Ndimayang'ana mapazi, osati mapointi

Masiku ano aliyense wokhala ndi foni ndi intaneti akudzitcha katswiri wosaka osewera basketball. Amadula kanema wa mphindi zitatu, mipira yolowa yokhayokha, n'kumugulitsa motchipa, ndipo ife amene timayenda misewu ya ku Arkansas ndi Oklahoma m'nyengo yachisanu timafunsidwa chifukwa chimene lipoti lathu likudulira. Nanga mafuta a galimoto agula ndani?

Ntchito yanga ndi yosaka osewera m'makoleji ang'onoang'ono, a NAIA ndi Division II, kumene makamera a wailesi yakanema safikako kawirikawiri. Kuyeza msinkhu ndi kutalika kwa mikono aliyense angathe. Povuta ndi apa: mnyamata wagoletsa mapointi 30, koma womutchinga anali wamfupi, wamiyendo yolemera. Pa mapointi amenewo, ndi angati amene angapite naye ku NBA?

Mdala amene anandiphunzitsa ntchitoyi sankandilola kuyang'ana bolodi ya zigoli. Ankandikhazika pansi, pafupi ndi mzere, n'kundiuza kuti, "Iwe, ona mapazi." Ankafika masewera asanayambe kuti aone mwana akutenthetsa thupi, ndipo sankachoka asanacheze ndi wosesa m'bwalo, pakuti iyeyo ndiye amadziwa amene amabwera m'mamawa kudzaponya mpira yekha. Kope lake linali lothimbirira ndi khofi, zolemba zake zosawerengeka. Ndikamuuza kuti, "Bambo, uyu ndi wabwino," ankangofunsa kuti wabwino pamaso pa yani. Nkhani imene sankatopa nayo inali ya Scottie Pippen, amene anachokera ku Central Arkansas, n'kuonekera pa mpikisano wa ku Portsmouth, ku Virginia, mpaka kusankhidwa wachisanu mu draft ya NBA ya 1987.

Choncho ndimafuna zinthu zimene sizidalira kufooka kwa mdani. Kodi akamatchinga amasuntha cham'mbali osapingasa miyendo? Mpira ukachoka m'manja mwa mnzake, amayamba kulowera kumene ukagwere usanagunde n'komwe? Luso la rebound limasamuka bwino kuchoka ku ligi yaing'ono kupita ku yaikulu. Dennis Rodman anali ku Southeastern Oklahoma State, ndipo Detroit inamutenga pa nambala 27 mu 1986. Ben Wallace wa ku Virginia Union sanasankhidwe n'komwe mu 1996, koma anadzakhala wotchinga wopambana mu NBA kanayi. Kwa woponya, ndimawerengera changu chimene mpira umachokera m'manja, chifukwa ku NBA womutchinga adzakhala wamtali, ndipo mzere wa mapointi atatu uli patali kuposa wa kukoleji. Ndimakhulupiriranso ma free throw kuposa mipira yakutali: pamenepo palibe womutchinga, ndiye dzanja silinama.

Chondiwawa n'chakuti matimu amafuna dzina limene alimva kale. Draft ili ndi zigawo ziwiri zokha, malo pafupifupi 60, ndipo bwana amaopa kutaya malo pa mwana wa sukulu yosadziwika. Komanso ana abwino sakukhalitsa. Derrick White anayambira ku Division II ku Colorado Springs, koma San Antonio inamusankha mu 2017 atasamukira kaye ku koleji yaikulu ya Colorado. Ukamupeza mwana lero, chaka chamawa ali pa timu yotchuka, ndipo odula makanema aja akuuza aliyense kuti anamutulukira ndi iwo.