Dzina la pa Galasi Silinena Zonse

Masiku ano munthu akafuna kumvera nyimbo amangotulutsa foni m'thumba. Kale zinthu sizinali choncho. Thiranzisita isanatulukiridwe ku Bell Labs ku America mu 1947, mawailesi ndi makina okuzira mawu ankadalira timabotolo tagalasi totchedwa mavalavu, timene timatentha ndi kufiira m'kati ngati khala la moto. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero alipo anthu amene amalipira ndalama zankhaninkhani kuti apeze valavu yopangidwa m'zaka za m'ma 1950. Anthu oterewa amatsutsana ngati mavalavu a Mullard amaposa a Telefunken monga momwe ochemerera mpira amatsutsirana za Bullets ndi Wanderers. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza zimene ndaphunzira pa mkangano umenewu, komanso mbali imene ine ndaima.

Nkhani ya mavalavu ndinaidziwira kwa amalume anga amene akhala akukonza mawailesi kwa zaka zambiri. Pa tchuthi ndimawathandiza kugwira ntchito, ndipo pakati pa mafoni ndi mawailesi akanema odzaza pa thebulo pawo pali ampulifaya yakale ya mavalavu imene saigulitsa ngakhale munthu atabwera ndi ndalama zingati. Iwo ndiwo anandiuzanso kuti makolo athu ambiri anayamba kumva mawu a pa wailesi kudzera m'mavalavu. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inatulutsa wailesi yotchipa yooneka ngati sefuliya, yodziwika ndi dzina loti Saucepan Special. Inali ndi mavalavu anayi, inkagulitsidwa pa mtengo wa mapaundi asanu, ndipo anthu ankamvera pamenepo mapulogalamu ochokera ku Lusaka, ena a iwo a m'Chinyanja.

Kagwiridwe ntchito ka valavu si kovuta kumvetsa. M'kati mwa galasi anachotsamo mpweya wonse. Muli kawaya kamene kamatenthetsa kachitsulo kotchedwa kathodi, ndipo kachitsuloka kakatentha kamatulutsa maelekitironi. Kachitsulo kena, kamene okonza mawailesi amakatchula kuti puleti, kamakhala ndi magetsi amphamvu okwana mavolti mazanamazana ndipo kamakoka maelekitironi aja. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kokulungakulunga kotchedwa giridi. Mphamvu yochepa chabe yochokera ku gitala kapena ku maikolofoni ikafika pa giridi imachepetsa kapena kuchulukitsa maelekitironi odutsa, ndipo mawu aang'ono amasanduka aakulu. John Ambrose Fleming wa ku Britain ndiye anapanga valavu yoyamba mu 1904, koma inalibe giridi. Lee de Forest wa ku America anaiwonjezera zaka zochepa pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene kukuza mawu kunayambira.

Monga wophunzira zilankhulo, chimene chinayamba kundikopa ndi mayina a mavalavuwa. Valavu imodzi yomweyo ili ndi mayina awiri. Ku America amaitchula kuti 12AX7, pamene ku Ulaya amati ECC83. Mayinawa sanangolembedwa mwachisawawa. Pa dzina la ku America, 12 amanena za mavolti amene kawaya kotenthetsa kamafuna. Pa dzina la ku Ulaya chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo: E akuimira mavolti 6.3, C mmodzi akuimira gawo limodzi lokhala ndi kathodi, giridi ndi puleti, kotero CC akutanthauza magawo awiri m'galasi limodzi, ndipo 8 akusonyeza kuti valavuyo ili ndi timiyendo tisanu ndi tinayi. Pa EL34, chilembo cha L chikutiuza kuti iyi ndi valavu yaikulu yotumiza mphamvu ku sipika. Zili ngati maphatikizo a mneni wa Chichewa: ukadziwa ntchito ya kalikonse, mawu onse amamasuka okha.

Mavalavu a mu ampulifaya ali m'magulu awiri. Pali aang'ono amene amalandira mawu poyamba, monga 12AX7 imene kampani ya RCA inatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, yotha kukuza mphamvu mpaka ka 100. Palinso aakulu amene amayendetsa sipika, ndipo pa amenewa ndi pamene mayiko anasiyana. RCA inatulutsa 6L6 mu 1936, ndipo iyi ndi imene inadzadziwika ndi maampulifaya a gitala a Fender. Ku Britain kampani ya Marconi-Osram inabwera ndi KT66 mu 1937, kenako KT88 mu 1956. Philips ndi Mullard anapanga EL34, imene inatchuka m'maampulifaya a Marshall, ndi EL84, imene ili mu Vox AC30 yomwe oimba a The Beatles ankagwiritsa ntchito. Choncho anthu akamanena za kalilidwe ka gitala ka Chimereka kapena ka Chingelezi, mbali ina akunena za mavalavu amenewa, ngakhale kuti kapangidwe ka ampulifaya ndi masipika nakonso kali ndi gawo lalikulu.

Tsopano tibwere ku makampani. Mullard inakhazikitsidwa ku London mu 1920 ndi Stanley Mullard, ndipo pofika mu 1927 inali itagulidwa yonse ndi Philips ya ku Netherlands. Fakitale yake yotchuka inali ku Blackburn, ndipo okonda mavalavu a kumeneko amati mawu ake ndi ofunda ndi odzaza. Telefunken ya ku Germany imatamandidwa chifukwa cha mawu omveka bwino, opanda phokoso, komanso chifukwa chokhalitsa. Mavalavu a dzina la Amperex, ambiri opangidwa ku fakitale ya Philips ku Heerlen, amadziwika ndi chithunzi cha kavalavu koimba lipenga, ndipo amawatama kuti mawu ake ndi opepuka ndi amoyo. Ku America, a RCA okhala ndi puleti yakuda amafunidwa kwambiri ndi oimba gitala, pamene General Electric ndi Sylvania anapanga mavalavu ambirimbiri olimba, ena a iwo opangira asilikali. Palinso 300B ya Western Electric ya mu 1938, imene inkakuza mawu m'nyumba zoonetsera kanema. Ikakhala yokha imangotulutsa mawati pafupifupi asanu ndi atatu, koma zakale zenizeni zimagulidwa pa mtengo woti munthu sangakhulupirire.

Vuto lagona poti dzina lolembedwa pa galasi silisonyeza nthawi zonse kumene valavu inapangidwira. Ngakhale kalelo makampani ankagulitsana mavalavu, wogulayo n'kudindapo dzina lake. Valavu ya ku Blackburn ikhoza kupezeka italembedwa Philips kapena Amperex. N'chifukwa chake odziwa sayang'ana utoto wa dzina, umene umafufutika ndi chala. Amayang'ana timalemba tosafufutika tozokotedwa pa galasi chakumunsi. Chilembo cha B pa timalembati chimasonyeza fakitale ya ku Blackburn, pamene valavu yaing'ono ya Telefunken yeniyeni imakhala ndi kachizindikiro ka ngodya zinayi konga dayamondi, koumbidwira m'galasi pakati pa timiyendo. Ndinaona kufunika kwa zimenezi tsiku lina pamene munthu wina anabwera kwa amalume ndi mavalavu awiri m'timabokosi tokongola, olembedwa Telefunken, akutchula mtengo wokwera. Amalume anatembenuza imodzi, naiyang'ana pansi, n'kumubwezera mwaulemu. Atachoka anandiuza kuti, "Mphwanga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto aliyense akhoza kudinda, koma galasi silinama."

Nkhaniyi yafika povuta kwambiri masiku ano chifukwa mafakitale akale aja anasiya ntchitoyi. RCA inaleka kupanga mavalavu a mawailesi mu 1976, ndipo ku Blackburn anasiya m'zaka za m'ma 1980. Mayina okha ndiwo anatsala, ndipo ena anagulidwa ndi makampani atsopano. Valavu yatsopano yolembedwa Mullard kapena Tung-Sol imachokera ku fakitale ya mumzinda wa Saratov ku Russia, ndipo mwini wa mayinawa ndi kampani ya New Sensor ya ku New York. Apa palibe chinyengo, chifukwa pa galasi amalembapo dziko limene valavuyo yapangidwira, koma wogula wosadziwa akhoza kuganiza kuti wapeza ya ku Blackburn. Ena atsopano amapangidwa ndi JJ Electronic ku Slovakia, ena ku China, ndipo Western Electric inayambiranso kupanga 300B ku Rossville m'chigawo cha Georgia ku America. Kuchepa kwa mafakitalewa kunaonekera poyera mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, pamene mavalavu anasowa ndipo mitengo inakwera pa dziko lonse.

Kodi kusiyana kwa mawu kumene anthu amanenaku kulipodi? Ine ndi amalume tinayesa. Iwo ali ndi ma ECC83 ochepa amene anachotsa m'makina akale, imodzi ya ku Blackburn, ina ya General Electric, komanso yatsopano ya JJ. Ndinakhala chofulatira, iwo akusintha valavu popanda kundiuza, nyimbo ili yomweyo. Kusiyana ndinakumva, koma kunali kochepa. Ina inkamveka yofewa pang'ono, ina yakuthwa pang'ono. Titasuntha masipika kuchoka pakona n'kuwaika pakati pa chipinda, mawu anasintha kwambiri kuposa momwe anasinthira ndi mavalavu onse atatu. Amalume anawonjezera mfundo imene sindidzaiwala. Anati valavu imakalamba ngati munthu, chifukwa kathodi imatopa ikagwira ntchito kwa nthawi yaitali. Choncho Mullard yotopa imagonja kwa valavu yatsopano yopanda mbiri. Anandionetsanso banga lowala ngati kalilole limene limakhala m'kati mwa galasi. Bangali likasanduka loyera ngati ufa, ndiye kuti mpweya walowa ndipo valavuyo yafa, ngakhale ikhale ya dzina lotani.

Pali zina zimene okangana za mayina amaiwala. Mavalavu aakulu amene amagwira ntchito awiriawiri amafunika akhale ofanana mphamvu, ndipo m'maampulifaya ambiri mmisiri amayenera kuyeza ndi kukonza kuchuluka kwa magetsi odutsa akangoikamo atsopano. Kupanda kutero puleti imafiira ndipo valavu yodula ija imapsa m'masiku ochepa. Komanso m'kati mwa ampulifaya ya mavalavu mumatsala magetsi oti akhoza kupha munthu ngakhale itazulidwa kukhoma. N'chifukwa chake amalume sandilola kupisamo dzanja iwo asanayeze.

Chinanso chimene ndaona n'chokhudza chilankhulo. Onse ofotokoza za mavalavu amabwereka mawu ku ziwalo zina za thupi. Amati mawu ofunda, ozizira, osalala, akuthwa, ngati kuti khutu limakhudza kapena kulawa. Ifenso m'Chichewa timati nyimbo yokoma ngati tikunena za ndiwo, ndipo timati mawu anthetemya. Izi zikusonyeza kuti kamvekedwe n'kovuta kukagwira ndi mawu, ndipo pamene mawu achepa, mbiri ya dzina imalowapo n'kutithandiza kumva zimene tauzidwa kale kuti timva. Munthu akadziwa kuti akumvera Telefunken ya ndalama zambiri, khutu lake limakhala litavomera kale nyimbo isanayambe.

Ine maganizo anga ndi akuti mavalavu akale ayenera kulemekezedwa, chifukwa anapangidwa pa nthawi imene mawailesi, ndege, matelefoni ndi zipatala zinkadalira iwo, ndipo makampani ankapikisana pa luso. Kukhalitsa kwa ambiri a iwo mpaka lero ndi umboni wokwanira. Komabe ngati munthu ali ndi ndalama zochepa, monga tilili ambirife, ndi bwino agule mavalavu atsopano oyezedwa bwino, ndipo zotsalazo akonzere masipika ndi kulipira mmisiri wodziwa ntchito. Amene akufunabe akale aphunzire kaye kuwerenga timalemba ta pa galasi, apo ayi adzagula utoto.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kutha kwa mavalavu a ku Blackburn, koma kutha kwa anthu odziwa kuwasiyanitsa. Amisiri a msinkhu wa amalume akuchepa, ndipo achinyamata ambiri amene akuphunzira ntchitoyi amangodziwa kusintha galasi la foni. Paja akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera. Pa chifukwa chimenechi ndinagula kabuku kamene ndimalembamo zonse zimene amalume amandiuza, m'Chichewa momwemo momwe amazinenera, ndipo tchuthi chikubwerachi tagwirizana kuti andiphunzitse kuyeza mavalavu aakulu ndekha.