Usiku umene tochi inatikana pa Kacholola

Tinanyamuka ku Chipata dzuwa litapendeka, anthu anayi a pa wailesi, m'kamotoka kobwereka, kupita ku maphunziro ku Lusaka. Unali mwezi wa July. Amene munayendapo pa Great East Road mudziwa kuti ukapitirira Nyimba, msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa. Kumeneko, kufupi ndi Kacholola, cha m'ma 21 hours, tayala lakumbuyo linaphulika.

Linali la kumanja, mbali imene mathiraki amadutsa. Wosintha tayala anafunika kugwada pa tala penipeni, mumdima wa ndiwe yani.

"Osadandaula, tochi ilimo," anatero amene anali kuyendetsa. Tinaipeza m'kabokosi ka kutsogolo. Kudina, zii. Kumenya pa dzanja, zii. Titaitsegula, mabatire anali atatuluka ufa woyera ngati mchere, ndipo tiwaya tam'kati tinali titadyeka. Nanga ina ija yochajingisa imene tinagula ku Kamwala? Inalowa m'nyumba tsiku lina malaiti atapita, ndipo sinabwererenso m'motoka. Palibe amene anaiba. Tonse tinali kudziwa kumene ili, pa tebulo ku Chipata.

Tinatsala ndi mafoni. Awiri anali pafupi kuzima chifukwa cha nyimbo za m'njira. Wina anayatsa yake, koma manja anali kunjenjemera ndi mphepo, kuwala kukuvina paliponse kupatula pa jeke. Nati imodzi inagubuduka kulowa m'udzu. Tili kuifunafuna, thiraki inatulukira pakona. Ma triangle tinali titaika, nthambi za mitengo tinali titayala, koma dalaivala anationa mochedwa. Analiza huta, anakhotetsa, mphepo ya thiraki inagwetsa chisote cha mnzathu amene anagwada pa tayala. Kwa kanthawi palibe amene analankhula.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi tinachiitana tekha. Tochi ija inakhala m'motoka zaka ziwiri osaiyang'ana. Inapsa ndi kutentha kwa October motoka ili padzuwa mawindo otseka, ndipo kutentha kotere kumafulumiza mabatire a alkaline kutha ndi kudontha. Kuzizira nako kuli ndi mlandu wake. Batire imapereka magetsi chifukwa cha mankhwala amene amagwira nchito m'kati mwake, ndipo kukazizira nchito imeneyo imachedwa. Kuno sikugwa chipale, koma batire imene yatopa kale imagonja msanga usiku wa June kapena July. Ndiye chifukwa chake tochi yofooka nthawi zina imadzuka ukafunditsa mabatire m'khwapa mphindi zochepa. Yathu inali itapitirira pamenepo.

Manje tinagwirizana zinthu zochepa, ndipo tinazilemba pa kapepala kamene kamakhala m'motoka. Matochi ndi awiri. Imodzi ndi yovala pamutu, chifukwa wosintha tayala afunika manja onse. Ina ndi ya m'manja, ya amene aimirira patali kumbuyo kuti madalaivala amuone asanafike pakona. Mabatire sitiwasiya m'kati mwa tochi. Amakhala pambali m'kapulasitiki, kuti akadontha asaononge tochi. Tikakwanitsa timagula a lithium. Ndi odula, koma amapirira kuzizira ndipo amakhala nthawi yaitali osatha. Yochajingisa timaichaja mwezi uliwonse, chifukwa moto wake umatsika ngakhale osaigwiritsa nchito. Tsiku loona oilo ndi madzi, timayatsanso matochi onse awiri.

Lamulo lovuta kwambiri ndi lomaliza: tochi ya m'motoka siloŵa m'nyumba. Malaiti akapita nsima ili pamoto, mtima umati tenga chabe usiku uno, mawa ubweza. Timadziŵa mmene mawa amenewo amathera.

Foni ndi yoitanira thandizo. Ukaiyatsa ngati tochi nthawi yaitali, ungafike pamene pali netiweki ilibe moto.

Nati ija sitinaipeze. Tinamanga tayala ndi zitatu zotsala, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa Luangwa Bridge, pamene amayi ogulitsa nsomba zouma anali akali maso ndi tinyali tawo. Mnzathu wa chisote anatsika osanena kanthu, anayenda pa matebulo onse, n'kubwera ndi tochi yatsopano ndi mabatire anayi. Nsomba sanagule.