Kamunda ka Mbalame ku Kabanana

Mlendo akatsika basi ku Kabanana, kumpoto kwa Lusaka, amalonjeredwa ndi fumbi, nyumba za mabuloko zothithikana ndi mapulasitiki okolekeka paminga. Pamene Lusaka anakhala likulu mu 1935, atsamunda anafuna kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi maluwa. Mthunziwo unathera ku Ridgeway, makomboni natsala padzuwa.

Ndinapitako kukaona azakhali anga, ndipo ndisanamwe n'komwe madzi ananditengera kuseri kwa nyumba, pa kamalo kamene kale kanali dzala la anthu onse a mumzerewo. "Mwana wanga, malo opanda mwini amaitana zinyalala," anatero. Cimene cinawadzidzimutsa ndi kolela ya 2017, imene inayambira ku Chipata, komboni yoyandikana nao. Amai a mumphakati anabwereka mawilibala ndi mafosholo, nacotsa mulu wonsewo.

Ena anafuna kubzalapo repu. Azakhali anakana, poti nthaka ya padzala siidziwika cimene inameza. M'malo mwake anabzala mkuyu, mpoza ndi mthethe, nasiya mulu wa miyala ndi cipika couma kuti abuluzi apeze pobisala. Mankhwala ophera tizilombo safika pamenepo. Pansi pa mkuyu pali phale la madzi a mbalame, ndipo amawasintha m'mawa uliwonse, pakuti madzi ogonera amaswa udzudzu. Udzu wa m'mbali amaumweta, kuti oopa njoka asapeze conena.

Ndinakhala pamenepo ola lathunthu. Kunabwera apumbwa awiri okangana, mpheta, njiwa ndi njuci pamaluwa a mthethe. Bilimankhwe, amene ife tinakula tikumuthawa, ana anamuzinga namuwerengera mapazi. Ambiri a iwo sanapondepo ku Munda Wanga ku Chilanga, munda umene Ralph Sander anauyamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo sindikhulupirira kuti malowo akanawakondweretsa kuposa apa. Anyamata a malegeni ndiwo anavuta kwambiri, kufikira atapatsidwa nchito yotunga madzi.

Koma malo akayera amakopa maso. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina ndi cingwe copimira, nati pamenepo pakwana masitolo awiri. Amaiwo alibe pepala lililonse la malowo. Anakadandaula kwa khansala, ndipo pamene ndinali kutsazika anali asanayankhidwe.