Ulendo wa ku Mwanza, Kwao kwa Manachesi

Inu achikumbi anzanga, mukadzafuna kuona kwao kwa manachesi, kwerani basi ku Blantyre, mudzere ku Lirangwe, muoloke Shire pa Zalewa ndi kukhotera kumadzulo. Ndi ulendo wa mailosi oposa 60. Mukapitirira boma la Mwanza pang'ono, mwafika ku Zóbuè m'dziko la Mozambique.

Ine ndinapitako mwezi wa June, mitengo itawerama ndi zipatso. Pa chipata cha malire malori a ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku Joni anali pamzere, ndipo pakati pa maloriwo panali anyamata osawerengeka: akabaza, osintha ndalama, onyamula katundu, ndi ena amene anabwerako ku Joni chimanjamanja. Ndalama ya manachesi ikalowa m'mudzi, mowa nawonso umalowa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma kachasu sanathe ayi. Tsono ndewu imabuka pa mpira, pa msika, kapena polimbirana mtsikana, ndipo mnyamata akaledzera sakumbuka zibakera, amathamangira chikwanje.

Ndinagona m'mudzi wina kumbali ya ku Thambani. Pakati pa usiku tinamva mfuu: "Wakuba! Wakuba!" Anyamata olonda munda anagwira mnzao wa mudzi wa tsidya, wa zaka ngati 16, ali ndi thumba la manachesi. Anam'manga ndi luzi, namukwapula mpaka magazi m'kamwa. Wina anali atapita kale kukatenga mafuta a njinga yamoto. Ine ndinangoti kakasi, pakuti mlangizi amadziwa za nsabwe za m'mitengo, za khamu lokwiya sadziwa.

Amene anam'pulumutsa ndi anthu a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Anafika anayi, ndi wenzulo ndi matochi okha. Mayi wina wa m'komitimo anaima pamwamba pa mwanayo, naitana omenyawo mmodzimmodzi pa dzina, ndi dzina la amayi ao lomwe. Kodi ndani angakwapule munthu pamene akumva dzina la amayi ake? Ndodo zinatsika. Mwanayo anagona kwa a mfumu, ndipo m'mawa anapita naye kuchipatala ndi kupolisi.

Makomiti amenewa anayamba m'Malawi m'chaka cha 1997, ndipo Lamulo la Apolisi la 2010 limawavomereza. Mudziwe kuti iwo saweruza mlandu, ndiponso saloledwa kumenya munthu. Lamulo losamala ndi kuteteza ana, la chaka chomwecho cha 2010, limalola kuti mwana wolakwa pa kanthu kochepa akonzedwe popanda kumutsekera m'ndende, ndipo chiyambire 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma kuvulaza munthu ndi mlandu waukulu, ngakhale wovulalayo akhale mbala.

Chimene chinandikondweretsa ndi bwalo la tsiku lachitatu. Panakhala mafumu a midzi iwiriyo, wapolisi, mphunzitsi wamkulu, akulu a mpingo ndi makolo. Anaopa kuti anyamata a tsidya abwera kudzalipsira. Anapangana kuti olonda minda azikhala osakaniza a midzi yonse iwiri, ndiponso kuti mowa usamagulitsidwe pa bwalo la mpira. Kenaka gogo wina anafunsa kuti, "Kodi mwa anyamata onsewa, alipo amene ali ndi mtengo wakewake?" Panalibe ndi mmodzi yemwe. Mitengo yonse ndi ya makolo ndi amalume. Mnyamata amathirira, amalonda, amathyola, koma ndalama saiona.

Apa mpamene anandicheukira ine. A mfumu anapereka malo pafupi ndi mtsinje, ndipo tinayamba nazale. Tinafesa nthanga za ndimu, kuti mbande zikafika msinkhu wa pensulo tidzamezanitsepo manachesi. Mtengo womezanitsa umabala pa zaka 3 kapena 4, pamene wa nthanga umachedwa kwambiri. Wakuba uja anabwera nawo, mkono uli m'nsalu, ndipo anam'patsa ntchito yothira dothi m'machubu pamodzi ndi awiri mwa amene anam'manga. Tsiku limenelo sanalankhulane.