Shakespeare sanauonepo Okutobala wa ku Karonga

Aliyense amene anaphunzirapo ndakatulo zachingerezi amawadziwa mafunso awiri aja: ndakatuloyi ikukamba za chiyani, nanga mfundo yake yaikulu ndi yotani? Ambiri timathamangira lachiwirilo poti ndiye kuli malikisi. Chikondi, imfa, kutha kwa nthawi, basi tamaliza. Koma ine ndimaona kuti mfundoyo imakhala m'kati mwenimweni mwa chinthu chimene mlakatuli wasankha kuchiyang'ana. Ukachilumpha chinthucho, umangotsala ndi makoko.

Tengani Soneti 18, imodzi mwa 154 za William Shakespeare zimene zinasindikizidwa mu 1609. Mlakatuli akuyerekeza wokondedwa wake ndi tsiku la m'chilimwe, kenako akudandaula kuti chilimwecho sichichedwa kutha. Ndimaiwerenga ndili kuno kwathu, kumene mu Okutobala mchenga wa kunyanja umawotcha mapazi ndipo usiku timagona pakhonde, ndiye ndimangoseka. Kudandaula kuti chilimwe chatha msanga? Ife timachita kupempherera kuti chichoke! Mtsikana wa ku Kaporo mutamuuza kuti ali ngati tsiku lotere, akufunsani kuti wakulakwirani chiyani. Mpaka utadziwa kuti ku England nyengoyi ndi miyezi yochepa ya kadzuwa kofunda pambuyo pa chisanu chachitali, sungamve mantha amene ali m'mizere 14 imeneyi, oti chokoma sichikhalitsa.

Soneti 73 ndiye siivuta, imafika yokha. Munthu wokalamba akudziona ngati mtengo woyoyoka masamba, kenako ngati dzuwa litangolowa, pomaliza ngati moto wotsala pang'ono kuzima paphulusa lake. Taonani mmene nthawi ikucheperamo: nyengo, tsiku, kenako kamphindi. Ndiponso masamba amaphukanso, dzuwa limatulukanso, koma nkhuni zikapsa zapsa. Palibe paliponse pamene akuchita kukulalikira kuti imfa yayandikira. Dongosolo la zinthu zitatuzo ndi limene likukufinya. Amene anakhalapo pamafuwa ndi agogo ake makala akuzilala safunika mphunzitsi apa.

Imene imandisowetsa mtendere ndi Ozymandias ya Percy Bysshe Shelley, ya mu 1818. Ikukamba za chifanizo chogumuka cha mfumu m'chipululu: miyendo iwiri yamwala, nkhope yosweka itakwiririka mumchenga, ndi mawu odzitama olembedwa patsinde. Mfundo yake timailoweza tonse, yoti ufumu umatha. Poyamba maganizo amathamangira kwa Mlozi, wogulitsa akapolo uja amene anamanga linga ku Mpata n'kumadzitcha sultani wa dziko la Angonde, mpaka asilikali a Harry Johnston anamugwira n'kumupachika mu Disembala 1895. Zikuoneka ngati zikufanana, eti?

Koma Shelley anasankha chipululu dala. Mulibe mboni m'ndakatulo yake, mulibe mdzukulu wa munthu amene mfumuyo inamuzunza. Wangotsala mchenga, ndipo n'chifukwa chake mfundo yake ndi kuiwalika. Kuno si choncho. Mu 1887 anthu a Mlozi anayatsa mabango a ku Kambwe mmene Angonde anabisala, ndipo ambiri anafera momwemo. Zidzukulu za opulumuka zilipo, zikulima mpunga m'madambo omwewa, ndipo dzina la Mlozi likutchulidwabe. Wina atati alembe soneti ya Mpata n'kubwereka mfundo ya Shelley osasintha kanthu, anthu a ku Kambwe angamuuze kuti wanama.