Cimene Wa Njinga Sauzidwa

Mseu waukulu wocokera ku Lusaka kumka ku Chipata umapyola pakati pa Sinda ndi Katete. Pa Katete ukumana ndi mseu wina wotsikira ku Chanida, pa malire a Mozambique, kotero kuti malole onyamula katundu amadutsa pamenepo usana ndi usiku. Komabe anthu ambiri oyenda pa mseuwu alibe galimoto. Ndiwo amai osenza madengu, ana a sukulu, ndi amuna opalasa njinga zolemedwa ndi matumba a cimanga, makala, kapena wodwala womka naye ku cipatala ca St Francis.

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, limacenjeza anthu otere pamodzi ndi apolisi. Malangizo ace ngodziwika. Woyenda pansi atsate dzanja lamanja, kuti aziona galimoto yodza kutsogolo kwace. Wa njinga atsate lamanzere, ndipo njinga yace ikhale ndi mabuleki, belu, nyale, ndi kagalasi kofiira kumbuyo.

Mau onsewa ngabwino, koma lamulo lonenedwa popanda cifukwa cace silikhalitsa m'mutu. Munthu wobwerera ku mudzi cisisira citagwa, poona nyale za lole zikuwala patali, amati mumtima mwace, "Popeza ine ndaiona, nayonso yandiona." Pamenepo mpomwe pagona ngozi. Iye akuona moto waukulu, pamene dalaivala akuyang'ana mdima momwe muli munthu wobvala malaya akuda, amene thumba lace la makala laphimba kagalasi kofiira kaja. Kukadza galimoto yina kutsogolo, nyale zace zimamthobwa dalaivala m'maso, ndipo wa njinga amazimiririka ndithu. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ora imayenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Phazi lisanafike pa buleki, mtunda wonsewo watha kale, ndipo lole yolemera siima msanga monga imaimira ngolo ya ng'ombe. Wa njinga akauzidwa zimenezi bwino-bwino, safunanso wapolisi womkakamiza kumanga nsaru yoyera pa katundu wace, kapena kutsikira m'mphepete malole awiri akamapambana.

Nanga angamuuze ndani? Zikwangwani zambiri nzolembedwa m'Cingelezi, ndiponso cikwangwani siciyankha funso. Nkhaniyi imakula kumapeto kwa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Pakati pa khamulo pamakhala ana ndi nkhalamba zocokera ku midzi ya ku Vubwi, kumene mseu waukuluwu sufikako. Maso ao sanazolowere kuyesa liwiro la basi pa tala, ndipo amadumpha mseu ali ndi mtima wakuti ikali kutali. Otere afunika mau a pakamwa, m'Cinyanja, ocokera kwa nyakwawa yao kapena kwa mdzukulu amene anapitako ku sukulu, ulendo usanayambe.

Kunena zoona, sicilungamo kusenzetsa wofooka yekha cenjezo lonse. Dalaivala nayenso ayenera kukumbutsidwa kuti msika wa pa Sinda sicipululu, ndi kuti hutala siicotsa mwana pa mseu.

Pali mthenga mmodzi amene kawiri-kawiri amaiwalika, ndiye wokonza njinga uja wokhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Njinga iri yonse imafika m'manja mwace tsiku lina, ndipo mwini wace amakhala pomwepo kudikira kuti chubu imatidwe. Iyeyo ndiye amayamba kuona kuti mabuleki anatha ndi kuti kagalasi kanathyoka kale-kale, ndiponso ali nayo nthawi yocezera ndi mwini njingayo kufikira ulimbo utauma.